Alimi 18 a ku Xiaogang ndi Chiyambi cha Kusintha kwa China

Anthu akamafotokoza kutukuka kwa dziko la China m'zaka makumi anayi zapitazi, kawirikawiri amatchula mafakitale, sitima zapamtunda zaliwiro ndi nyumba zosanjikizana za ku Shenzhen ndi Shanghai, koma kusintha kwenikweni kunayambira kumunda, pakati pa alimi amene njala inawasautsa kwa zaka zambiri. Kuyambira pa 1 Okutobala 1949, pamene Mao Zedong analengeza boma latsopano mumzinda wa Beijing, nkhani yaikulu kumidzi inali yakuti munda ukhale wa yani ndiponso zokolola zipite kwa yani, ndipo mayankho awiri osiyana amene anaperekedwa pa nkhaniyi ndiwo anadzetsa njala yoopsa poyamba, kenako chakudya chochuluka.

Munda wa onse

Boma la chipani cha Chikomyunisiti linayamba ndi lamulo la mu 1950 lolanda minda kwa eni malo olemera n'kuigawira alimi osauka, ntchito imene inachitika mwankhanza kotero kuti eni malo ambiri anaphedwa. Chimwemwe cha olandira minda sichinakhalitse, pakuti posakhalitsa anauzidwa kuti aphatikize minda, ziweto ndi zipangizo zawo m'magulu olimira pamodzi, ndipo mu 1958 maguluwo analumikizidwa kukhala makomyuni, kutanthauza mabungwe aakulu a midzi yambiri, lililonse la mabanja masauzande angapo, momwe anthu ankalima, kukolola ngakhale kudya motsatira lamulo la akuluakulu a chipani. Makomyuni otere analipo pafupifupi 26,000, ndipo anali maziko a ndondomeko yotchedwa Kudumpha Kwakukulu, imene cholinga chake chinali chakuti China ipose mayiko olemera pa ntchito za mafakitale m'zaka zochepa chabe.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Alimi anachotsedwa m'minda kuti akasungunule chitsulo m'ng'anjo zakumudzi, chitsulo chimene chambiri sichinagwire ntchito, ndipo mpheta zinaphedwa zochuluka poziganizira kuti zikutha mbewu, mpaka tizilombo timene mbalamezo zinkadya tinaswana n'kuwononga minda. Choipitsitsa chinali bodza, chifukwa akuluakulu a m'madera, poopa kutchedwa adani a chipani, ankalengeza zokolola zimene kunalibe, ndipo boma linkatenga gawo lake potengera manambala abodzawo, alimi n'kutsala ndi nkhokwe zopanda kanthu. Nduna ya zachitetezo, Peng Dehuai, itadandaula za zimenezi pamsonkhano wa ku Lushan mu 1959, inachotsedwa paudindo, ndipo ena onse anatengerapo phunziro lokhala chete. Pa njala ya mu 1959 mpaka 1961 panafa anthu amene ofufuza amawawerengera pakati pa 15 miliyoni ndi 45 miliyoni, ndipo mtolankhani wa ku China, Yang Jisheng, atafufuza m'zikalata za boma, anapeza 36 miliyoni. Chigawo cha Anhui chinali m'gulu la zigawo zimene zinavutika koposa.

Njala itatha, makhitchini ophikira mudzi wonse anatsekedwa ndipo mabanja analoledwa timadimba tawotawo, koma munda waukulu unakhalabe wa gulu, ndipo mlimi ankalipidwa ndi mapointi a ntchito, omwe ankalembedwa m'kaundula tsiku ndi tsiku n'kusinthanitsidwa ndi chakudya pakutha pa chaka. Popeza wakhama ndi waulesi ankalandira pafupifupi mofanana, panalibe chomukakamiza munthu kulawirira kumunda kapena kupalira mosamala.

Zidindo zofiira

Chakumapeto kwa 1978, patatha zaka ziwiri Mao atamwalira, ku Anhui kunagwa chilala. M'mudzi wa Xiaogang, m'boma la Fengyang, dera limene anthu ake ankadziwika ndi kupita kukapemphetsa m'zigawo zina, alimi 18 anakumana mobisa n'kugwirizana kugawana munda wa gulu, kuti banja lililonse lilime gawo lake, lipereke kwa boma ndi ku gulu mlingo wofunika, ndipo zotsala zikhale zake. Popeza zimenezi zinali zoletsedwa, anadinda zala zawo ndi inki yofiira papepala limene linalonjezanso kuti atsogoleri awo akamangidwa kapena kuphedwa, otsalawo adzalera ana awo mpaka atafika zaka 18. Zokolola za mu 1979 zinaposa kutalitali za zaka zam'mbuyo, ndipo mudzi umene unkadalira chithandizo unayamba kupereka chakudya kwa boma.

Mudzi wa Xiaogang sunali wokha, pakuti midzi ina inkachita zomwezo mwakachetechete, ndiponso ku Anhui komweko njira yofanana inayesedwapo mu 1961 isanaletsedwe. Chimene chinasintha pa nthawiyi chinali mtima wa atsogoleri. Wan Li, mkulu wa chipani ku Anhui, anasankha kuteteza alimiwo m'malo mowalanga, Zhao Ziyang ankalola kusintha kwina ku Sichuan, ndipo Deng Xiaoping, yemwe mphamvu zake zinakhazikika pamsonkhano wa chipani wa mu Disembala 1978, anayamikira poyera mu 1980 zimene zinkachitika ku Fengyang. Chikalata choyamba cha chipani cha mu 1982 chinavomereza njirayi, yomwe inatchedwa ndondomeko yopatsa banja udindo, ndipo pofika kumapeto kwa 1983 mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse akumidzi ankalima motero.

Zokolola za mbewu zachakudya zinakwera kuchoka pa matani pafupifupi 305 miliyoni mu 1978 kufika pa matani 407 miliyoni mu 1984. Kukweraku sikunabwere chifukwa cha kugawa minda kokha, pakuti mu 1979 boma linakweza ndi 20 peresenti mtengo wogulira mbewu kwa alimi, feteleza anachuluka, mbewu zamakono za mpunga zinafala, ndipo ngalande zothirira zimene zinakumbidwa m'nthawi ya makomyuni zinalipo kale. Komabe katswiri wa zachuma Justin Yifu Lin, m'kafukufuku wake wa mu 1992, anapeza kuti pafupifupi theka la kukwera kwa zokolola m'zaka zimenezo linachokera ku kubwezera banja udindo wa munda.

Ngongole yosamalizidwa

Chakudya chitakwanira, manja ambiri anamasuka, ndipo anthu analowa m'mafakitale ang'onoang'ono a m'midzi ndi m'matauni, amene pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 ankalemba ntchito anthu oposa 100 miliyoni, pamene ena anapita m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Masiku ano ogwira ntchito ochokera kumidzi alipo pafupifupi 300 miliyoni, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 800 miliyoni a ku China anatuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka makumi anayi.

Ngakhale zili choncho, mlimi sanalandire zonse zomuyenera. Kaundula wotchedwa hukou, amene anakhwimitsidwa mu 1958 ndipo amalemba munthu aliyense kwawo kumene banja lake linachokera, amachititsa kuti womanga nyumba ku Beijing kapena ku Shanghai avutike kupezera ana ake sukulu ndi chithandizo china cha boma mumzindamo, chifukwa chake ana mamiliyoni ambiri amakulira kumudzi kwa agogo awo, ngakhale kuti malamulowa afewetsedwa m'mizinda ing'onoing'ono. Munda nawonso ndi wa gulu la mudzi mpaka lero, ndipo banja lili ndi ufulu wolima pamgwirizano umene unali wa zaka 15 mu 1984, unawonjezedwa ndi zaka 30 mu 1993, ndipo mu 2017 unalonjezedwa zaka zina 30. Popeza banja silingagulitse mundawo, akuluakulu a m'madera akhala akutenga minda n'kuipereka kwa omanga nyumba pamtengo wokwera, mlimi n'kulandira chipukutamisozi chochepa, ndipo mkangano wotere ndiwo unabutsa zionetsero za m'mudzi wa Wukan, m'chigawo cha Guangdong, mu 2011. Msonkho wa zaulimi unathetsedwa mu 2006, koma kusiyana kwa ndalama pakati pa wakumudzi ndi wamumzinda kudakali kwakukulu.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti nthaka, makasu ndi anthu a ku Xiaogang anali omwewo mu 1977 ndi mu 1979, ndipo chimene chinasiyana chinali chakuti wolima anadziwa kuti thukuta lake lifika m'mbale ya ana ake. Nzeru ya boma la Deng inali yomvera alimi amene anatsogola, monga momwe tchimo la boma la mu 1959 linalili lotseka pakamwa onena zoona. Ntchito imene alimi 18 aja anayamba idzakhala yosatha mpaka mlimi wa ku China atakhala ndi chitetezo chokwanira pa munda wake ndiponso ufulu wofanana ndi wa mnzake wobadwira mumzinda.