Kodi Mumadziwa? Mudzi Umene Unabadwa ndi Chokoleti

Kodi mumadziwa kuti mumzinda wa Birmingham ku England muli dera limene linabadwa chifukwa cha chokoleti? Dzina lake ndi Bournville. Mu 1879 abale awiri, George ndi Richard Cadbury, anathawa utsi wa m'tauni n'kukamanga fakitale yawo kuminda, pa mtunda wa makilomita 6 kuchokera pakati pa mzinda.

Nanga dzinalo analitenga kuti? Pamalopo pamadutsa kamtsinje kotchedwa Bourn, ndipo masiku amenewo chokoleti chotchuka chinali cha ku France. Abalewo anangowonjezera mawu a Chifalansa akuti "ville", basi kamtsinje ka Angelezi kanavala chipewa cha ku Paris!

George sanakhutire ndi fakitale yokha. Iye ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga Lamlungu m'mawa, ndiye anaona ndi maso ake nyumba zothithikana zimene anthu osauka ankagonamo. Mu 1893 anagula maekala 120, ndipo pofika 1900 anali atamanga nyumba 313.

Koma nyumba zake, abale! Iliyonse inali ndi dimba lake ndi mitengo ya zipatso yodzalidwa kale, ndipo munthu wosagwira ntchito ku Cadbury ankaloledwanso kukhalamo. Pa puloti, nyumba inkangodya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mukufuna kabotolo kozizira? Pepani, pitani kwina. Banja la Cadbury linali la mpingo wa Quaker ndipo silinkafuna kumva za mowa, moti m'mudzi wakalewo simupezamo bala ya pub ngakhale imodzi, patatha zaka zoposa 120.

Chimene mungamve ndi mabelu. George atapita ku Bruges ku Belgium anakopeka ndi kulira kwa mabelu a kumeneko, ndipo mu 1906 anaika 22 pansanja ya sukulu ya ana. Lero woimba amakhala pampando n'kumamenya timitengo ndi nkhonya, kwinaku akuponda ndi mapazi, ndipo amaliza mabelu 48.

Kodi munamvapo kuti nyumba imasamuka? Nyumba yakale yamatabwa yotchedwa Selly Manor inali pafupi kugwetsedwa, koma George anaigula, amisiri n'kuiphwasula mtengo umodziumodzi n'kukaimanganso ku Bournville. Ntchitoyo inatha mu 1916, ndipo nyumbayo ikadali chiimire ndi zaka zake zoposa 500.

Pabwalo la mudzi pali kanyumba kopumiramo kotchedwa Rest House. Kanamangidwa mu 1914 ndi ndalama zimene antchito anasonkha, ngati mphatso kwa George ndi mkazi wake Elizabeth atakwanitsa zaka 25 ali m'banja.

Apa ndiye tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi ikufika kwathu ku Africa. Koko samera ku England, ndipo kwa zaka zambiri koko wina wa a Cadbury ankachokera pachilumba cha São Tomé, kumene anthu ogwidwa ku Angola ankagwira ntchito ngati akapolo. Kunena zoona a Cadbury anachedwa kuchitapo kanthu, koma anasiya kugula kumeneko n'kutembenukira ku Gold Coast, Ghana ya lero, mu 1909.

Nanga Dairy Milk uja mumagula m'sitolo, mukuganiza kuti ndi wa dzulodzuloli? Anatuluka koyamba m'fakitale ya Bournville mu 1905. Ndi wamkulu kuposa agogo anu!

Kampani ya Cadbury inagulidwa ndi Kraft ya ku America mu 2010, koma fakitale ikupangabe chokoleti pamalo omwewo. Mukadzakhala ku Birmingham, kwerani sitima ya pamtunda ndipo musavutike kufunsa potsikira. Mukangoona siteshoni yopakidwa utoto wa pepo ngati pepala lokutira Dairy Milk, tsikani, mwafika.