Mtengo wa gasi wophikira: amauika ndani, nanga wogula akadandaule kuti?

Kodi wogulitsa gasi amangotchula mtengo umene wafuna?

Ayi. Ku Malawi kuno gasi wophikira, uja amamutcha LPG, amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2004. Bungweli limalengeza mtengo wa pa kilogalamu umene wogulitsa sayenera kupyola. Kutsitsa n'kololedwa, koma kuwonjezera ngakhale pang'ono ndi mlandu.

Nanga n'chifukwa chiyani umangokwerakwera?

Gasi yense amene amaphikira nsima ku Ndirande kapena ku Area 25 amachokera kunja. Amagulidwa ndi madola, n'kuyenda ulendo wautali pamsewu. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chogulidwa kunja chinadula. Boma linachotsa msonkho wa VAT pa gasi ndi masilinda, zomwe zinathandiza ndithu, koma madola akasowa m'mabanki gasi nayenso amasowa. Apa ndi pamene ogulitsa ena amapezerapo danga.

Kodi wogula amaberedwa pati kwenikweni?

Pa sikelo. Mtengo wolembedwa pakhoma ukhoza kukhala wa MERA weniweni, koma mayi wolipira makilogalamu 6 n'kupita kunyumba ndi 5. Gasi saoneka ngati ufa m'thumba, choncho chinyengocho chimadziwika mochedwa, moto utazima ndiwo zisanapse, mwezi usanathe.

Chitetezo chake n'chapafupi ngakhale ambiri sachilabadira. Silinda iliyonse imalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Wogula wochenjera amaonetsetsa kuti yayezedwa asanathiremo gasi, yayezedwanso atathira, ndipo amalipira kusiyana kwakeko basi. Akatero amafunsa lisiti, chifukwa dandaulo lopanda lisiti limathera pakamwa.

Ndiye akadandaule kwa yani?

Za mtengo wopyola n'za MERA. Za sikelo yonama n'za Malawi Bureau of Standards. Bungwe la CFTC limafufuza malonda achinyengo, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Palinso CAMA, bungwe loyimira ogula limene a John Kapito akhala akulitsogolera kwa zaka zambiri. Ilo sililanga munthu, koma likadzudzula pa wailesi akuluakulu amamva.

Kodi nkhaniyi si ya anthu a m'tauni okha?

Imayambira m'tauni koma imakathera kunkhalango. Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 imadalira gasi kuti mabanja asiye mbaula. Banja likaona kuti silinda ikutha msanga, silifufuza ngati vuto ndi dola kapena sikelo. Limangoitana wa njinga ya makala, ndipo ambiri mwa makala a mu Lilongwe amachokera ku Dzalanyama. N'chifukwa chake oyendera masikelo akuyenera kumafika kawirikawiri pamalo othirira gasi, osadikira kuti wina akadandaule.