Tepi Imene Decca Inakana

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKA ITSIKE)

Lero tikupita ku England kukamva mbiri ya tepi imodzi, imene inajambulidwa m'mawa wa tsiku limodzi, n'kukhala zaka zoposa 30 nyimbo zake zina zisanatulutsidwe mwalamulo. Mawu amene ali m'tepiyo ndi a gulu la The Beatles, pa nthawi imene dzina lawo linkadziwika ku Liverpool ndi ku Hamburg kokha.

Pa 31 Disembala 1961, anyamata anayi ananyamuka ku Liverpool kulowera ku London: John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Pete Best, amene ankaimba ng'oma. Galimoto ankayendetsa mnzawo Neil Aspinall. Kunkagwa chipale chofewa, ndipo m'njira anasochera, moti ulendowo unawatengera maola pafupifupi 10. Kutacha, pa 1 Januwale 1962, analowa mu situdiyo ya kampani ya zimbale ya Decca ku West Hampstead kuti akayesedwe.

Amene anawatsegulira mwayiwu anali Brian Epstein, woyang'anira sitolo ya zimbale amene anali atangoyamba kumene kuyendetsa gululi. Wowajambula anali Mike Smith, yemwe anali atawaonerapo akuimba ku Cavern Club ku Liverpool mwezi wa Disembala womwewo, n'kuchita nawo chidwi.

Anaimba nyimbo 15. Zambiri zinali za oimba ena, monga "Money", "Besame Mucho" ndi "Three Cool Cats". Zitatu zokha ndiye zinali zopeka Lennon ndi McCartney: "Like Dreamers Do", "Hello Little Girl" ndi "Love of the Loved".

(KACHIDUSWA KA NYIMBO)

Tcherani khutu pa mawu awo. Awa ndi anyamata amene ankagwedeza makalabu a ku Hamburg usiku wonse, koma apa mantha awagwira. Mawu a McCartney akunjenjemera malo ena, Lennon akuimba modzigwira, ndipo Harrison, wamng'ono pa onsewo, wa zaka 18, ndi amene akumveka womasuka. Luso lilipo, koma silinakhwime.

Patapita milungu ingapo, yankho linabwera: Decca yakana. M'malo mwawo inatenga gulu la Brian Poole and the Tremeloes, limene linayesedwa tsiku lomwelo ndipo linkachokera ku Dagenham, kufupi ndi London. Epstein anadzanena pambuyo pake kuti mkulu wa ku Decca, Dick Rowe, anamuuza kuti nthawi ya magulu oimba ndi magitala inali kutha. Rowe anakana kuti sananenepo zimenezo, ndipo mu 1963 ndi iye yemweyo amene analembetsa gulu la The Rolling Stones ku Decca.

Komatu Epstein sanaitaye tepi ija. Anapita nayo kusitolo ya HMV mumsewu wa Oxford Street kuti nyimbozo aziike pa zimbale, zosavuta kunyamula pokagogoda m'maofesi. Katswiri wodula zimbale kumeneko atamva kuti nyimbo zina n'zopeka anyamatawo, anamulumikiza ndi kampani yosindikiza nyimbo ya Ardmore and Beechwood. Njira imeneyi ndiyo inamufikitsa kwa George Martin wa ku Parlophone, nthambi ya kampani ya zimbale ya EMI. Pa 6 Juni 1962, The Beatles analowa koyamba mu situdiyo ya EMI ku Abbey Road. Mu Ogasiti, Pete Best anachotsedwa, m'malo mwake munalowa Ringo Starr, ndipo pa 5 Okutobala "Love Me Do" inatuluka. Tepi yokanidwa ija ndi imene inatsegula khomo lachiwirili.

Tepi ya Decca inakhala m'kabati, koma sinakhale chete. M'zaka za m'ma 1970 nyimbo zake zinayamba kuyenda mozemba pa zimbale zosaloledwa, okonda gululi n'kumapatsirana mwakachetechete. Mpaka mu Novembala 1995 m'pamene zisanu mwa nyimbozo zinatuluka mwalamulo m'chimbale cha Anthology 1. Zina 10 sizinalowemo. Kwa Pete Best, amene anatsala m'mbuyo anzake akukwera, chimbalechi chinabweretsa ndalama za ng'oma zimene anaimba zaka 33 m'mbuyomo.

M'chimbale chomwecho muli chinthu chakale kuposa pamenepo. Mu 1958, akudziwika kuti The Quarrymen, Lennon, McCartney ndi Harrison pamodzi ndi anzawo awiri anasonkherana ndalama n'kukajambula nyimbo ziwiri m'nyumba ya Percy Phillips ku Liverpool. Chimbale chinali chimodzi chokha, ndipo ankasunga mosinthana. Chinatsalira kwa John Lowe, woimba piyano, mmodzi mwa anzawo awiri aja, mpaka McCartney anachigula mu 1981.

Akulu akale anati m'mera mpoyamba. Zimbale zotchuka zimationetsa woimba atafikapo kale, koma matepi ngati awa amationetsa pamene anayambira, mantha ake ndi khama lake. N'chifukwa chake ali amtengo wapatali. Inu omvera, ngati kunyumba kwanu kuli kaseti kapena tepi yakale ya woimba wina aliyense, wotchuka kaya wosatchuka, musaitaye. Isungeni pouma, ndipo pezani njira yoisamutsira pa kompyuta isanawonongeke.



(NYIMBO YOTSEKERA)