Ndalama zobzalira paini ku Niassa zimachokera kuti, ndipo eni ake amafunanji?

Woyenda pa msewu wochokera ku Meponda kukwera ku Lichinga, kapena wopitirira mpaka ku Sanga ndi ku Lago, amaona minda ya paini ndi bulugamu pamalo ena amene kale panali chimanga, nyemba ndi tchire. Anthu amadziwa dzina la kampani yobzala mitengoyo. Ochepa okha ndiwo amadziwa mwini ndalama zake.

Makampani otere kawirikawiri sayamba ndi mpamba wawo. Amautenga ku thumba la ndalama limene limasonkhedwa kunja. Thumbali limafanana pang'ono ndi xitique, koma osonkha ake ndi mabungwe akuluakulu: osunga penshoni, mipingo, mabanki a chitukuko ndi anthu olemera. Iwowa amapereka ndalama kwa akatswiri oyendetsa thumba, ndipo akatswiriwo amagula masheya m'makampani. Thumba likamaika ndalama m'makampani ongoyamba kumene, amati venture capital.

Mgwirizano wa matumba ambiri umakhala wa zaka pafupifupi 10. Oyendetsa thumba amalandira pafupifupi 2 pa 100 iliyonse ya ndalamazo chaka ndi chaka, kuphatikizapo 20 pa 100 ya phindu ngati lapezeka. Osonkha sayang'ana kuchuluka kwa phindu kokha. Amayang'ananso nthawi imene latenga kuti libwere. Meticais 1,000 obala 1,000 ena m'zaka 5 ndi malonda abwino, koma obala chimodzimodzi m'zaka 20 ndi malonda ofooka. Amadziwanso kuti makampani ambiri atsopano amagwa, ndipo ochepa amene achita bwino ndiwo amabweza zotayika.

Niassa inaziona izi ndi maso. Mu 2006 dayosizi ya Västerås ya mpingo wa Lutheran ku Sweden, pamodzi ndi thumba la mpingo wa ku Norway, inakhazikitsa Global Solidarity Forest Fund. Pambuyo pake ABP, bungwe losunga penshoni ya aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma la Netherlands, linatenga masheya opitirira theka. Kampani yaikulu ya thumbali inali Chikweti Forests of Niassa, imene inabzala mitengo m'maboma a Lichinga, Lago ndi Sanga. Choncho ukalamba wa mphunzitsi wa ku Ulaya unamangiriridwa, pang'ono pokha, ku mitengo yomera pafupi ndi minda ya alimi a kuno.

Zinthu sizinayende monga anawerengera. Paini amafuna zaka 15 kapena kuposerapo kuti akhwime. Msika wa matabwa unali kutali, ndipo njanji ya Cuamba kufika ku Lichinga inayambanso kugwira ntchito mu 2016. Moto wolusa unkawononga mitengo. Mikangano ya malo inakula, mpaka mu 2011 alimi a m'boma la Sanga anazula mitengo ya kampani podandaula kuti awalanda minda. Mu 2014 makampani a thumbali anaphatikizidwa ndi Green Resources ya ku Norway. Nayo Green Resources tsopano ili m'manja mwa thumba lina, African Forestry Impact Platform, loyendetsedwa ndi New Forests, limene ndalama zake zoyambira zinachokera ku Norfund ya ku Norway, Finnfund ya ku Finland ndi British International Investment ya ku Britain.

Apa ndi pamene mlimi ayenera kutchera khutu. Thumba lili ndi tsiku lotsekera, koma munda ulibe. Phindu likachedwa, oyendetsa thumba amachepetsa ganyu, amasiya kubzala, kapena amagulitsa kampani yonse. Bwana amene analonjeza mjigo kapena sukulu pansi pa mtengo wa mango akhoza kuchoka, wobwera n'kunena kuti lonjezolo sakulidziwa.

Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ya Mozambique ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Mudzi umene ukukhala ndi kulima pamalo motsatira mwambo uli ndi ufulu wa DUAT ngakhale ulibe chikalata. Kampani isanalandire DUAT, imene imatha kufika zaka 50, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa maganizo, ndipo zogwirizana zilembedwe mu acta.

Ndiye kampani ikabwera ku Meponda, kaya ya mitengo, ya nsomba kapena ya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, mafumu ndi anthu awo ali ndi mafunso oyenera kufunsa pa msonkhano. Ndalamazi ndi za yani? Thumbalo lidzatsekedwa chaka chiti? Kampani ikagulitsidwa, malonjezo adzasenza ndani? Mahekitala ndi angati, ndipo malire ali pati? Mayankho onse alowe mu acta, amayi akhalepo pokambirana, ndipo mudzi usunge kope lake. Mabanki a chitukuko monga Finnfund ali ndi njira zolandirira madandaulo a anthu, ndipo mudzi wosunga chikalata ndiwo umamveka msanga.