HULA, GULE WA ANTHU A KU HAWAII

Pakati peni-peni pa nyanja yaikulu yamcere yochedwa Pacific pali zisumbu za Hawaii. Zisumbu zazikulu ziripo 8, ndipo ziri patali ndi maiko ena onse, kotero kuti munthu wocokera ku gombe la America amayenda mamailosi oposa 2,000 pamadzi okha-okha asanaone mtunda. Zisumbuzi ndizo nsonga za mapiri a moto amene anaphulika pansi pa nyanja kale lomwe, ndipo phiri lina lochedwa Kilauea likali kulabvula moto kufikira lero lino.

Anthu oyamba anafikako zaka 800 kapena 1,000 zapitazo. Anacokera ku zisumbu zina za kumwera m'mabwato akulu omangidwa awiri-awiri, nalondola nyenyezi usiku ndi mafunde usana. Anatenga nkhumba, agalu ndi nkhuku, ndiponso mbeu za koko, nthoci ndi nzimbe. Anali alimi ndi asodzi aluso. Koma sanadziwe kulemba, ndipo analibe buku ngakhale limodzi.

Nanga anthu opanda buku angasunge bwanji mbiri yao? Ahawaii anaisunga m'nyimbo zimene anazicha mele. M'nyimbomo munali maina a mafumu ndi a makolo ao mibadwo-mibadwo, nkhondo zimene anamenya, maina a mapiri ndi mitsinje, ngakhale a mphepo ndi mvula. Pakuti kumeneko mvula ya cigwa cina iri ndi dzina lace, losiyana ndi la mvula ya cigwa cinzace. Nyimbo imodzi yochuka, Kumulipo, iri ndi mizere yoposa 2,000. Imayambira pa mdima wa paciyambi, nichula zamoyo za m'nyanja ndi za pamtunda, kufikira itafika pa banja la mafumu. Yonseyo anthu anali kuisunga pamtima.

Nyimbo zina woimba anali kuziimba osabvina. Zimenezo ndi oli. Zina zinali za kubvina, ndipo kubvinako ndiko hula. Pamenepa pali cinthu cimene alendo ambiri amaciphonya: m'hula, mwini gule ndi mau. Mapazi amatsata ng'oma, koma manja, maso ndi nkhope zimatsata zimene nyimbo irikunena. Ikachula mvula, manja amatsika pang'ono-pang'ono zala zirikunjenjemera. Ikachula mafunde, manja amakwera ndi kutsika monga madzi. Ndipo mau omwewo kawiri-kawiri ali ndi tanthauzo lobisika, lochedwa kaona. Woimba angachule duwa pamene alikunena za mwana wokondedwa, kapena nkhungu ya paphiri pamene alikunena za cikondi ca anthu awiri. Wosadziwa cinenero amangoona manja okongola. Wocidziwa amamva nkhani, naseka pamene pali poseketsa, nalira pamene pali maliro. Ahawaii anakhulupirira kuti mau ali ndi mphamvu ya kupatsa moyo ndi ya kupha, cifukwa cace kuphonya liu limodzi m'nyimbo ya mfumu anakuyesa tsoka.

Za ciyambi ca hula pali nthano zosiyana. A pa cisumbu ca Molokai amati guleyu anabadwira kwao, pa malo ochedwa Kaana. Koma nthano yodziwika koposa ndiyo ya Pele, mulungu wamkazi wa moto, amene amati amakhala m'dzenje la Kilauea. Pele anali ndi mng'ono wace dzina lace Hi'iaka, ndipo Hi'iaka anali ndi bwenzi lace lapamtima, namwali wochedwa Hopoe, wa ku dziko la Puna. Hopoe ndiye anamphunzitsa kubvina m'mbali mwa nyanja, motsanzira mafunde ndi mitengo yogwedezeka ndi mphepo. Tsiku lina Pele anatuma mng'ono waceyo ku cisumbu ca Kauai kukatenga mfumu ina, Lohiau, imene anaikonda. Hi'iaka anabvomera, napempha cinthu cimodzi cokha, kuti Pele asunge Hopoe pamodzi ndi nkhalango yace ya mitengo ya ohia, imene maluwa ace ofiira amachedwa lehua. Ulendo unatalika, masiku opangana anapitirira, ndipo Pele anagwidwa ndi nsanje. Anatsanulira moto wace pa nkhalangoyo, nasandutsa Hopoe mwala. Nyimbo zambiri za hula yakale zimasimba ulendo umenewu, ndi kuchula phiri liri lonse ndi gombe liri lonse limene Hi'iaka anapitirapo, kotero kuti woziphunzira amaphunziranso maonekedwe a dziko lace.

Hula sinali yakuti munthu angoiona nayamba kubvina. Panali sukulu yace yochedwa halau, ndi mphunzitsi wochedwa kumu hula. Liu lakuti kumu litanthauza tsinde kapena gwero. M'nyumbamo munali guwa la Laka, mulungu wa hula. Pa guwapo anaikapo cidutswa ca mtengo cokulungidwa m'nyanda yacikasu, nalikongoletsa ndi masamba ndi maluwa a kunkhalango, ochoredwa ndi pemphero. Ophunzira, amuna ndi akazi omwe, anali ndi zosala zambiri zochedwa kapu. Sanamete tsitsi kapena kuwenga zikhadabo, zakudya zina sanadye, ndipo mtembo sanauyandikire kufikira maphunziro atatha. Anyamata ndi anamwali amphamvu ndiwo anali kubvina ciriri. Akulu anali kukhala pansi, naimba ndi kuomba ng'oma. Ng'oma yopatulika, pahu, anaisema pa thunthu la kokonati kapena mtengo wina, naikuta ndi cikopa ca shaki, nsomba yolusa ya m'nyanja yamcere. Panalinso zipanda ziwiri zolumikizidwa zimene woimba amamenyetsa pansi ndi kuziomba ndi dzanja, masece a nthenga, nsungwi zong'alula, ndi timiyala tosalala togundanitsa m'manja. Amuna ena anali kumanga mano a agalu mazana-mazana m'miyendo, kuti alire pobvina. Pomaliza maphunziro anaoca nkhumba, ophunzira nadyako, ndipo pamenepo analoledwa kubvina pamaso pa mfumu ndi khamu.

M'caka ca 1778 zombo za Mngelezi wina, James Cook, zinafika ku Hawaii. Pambuyo pace panadza amalonda ndi osaka anamgumi, ndipo anadza ndi nthenda zimene Ahawaii sanazidziwe, monga cikuku ndi nthomba. Anthu anafa koopsa. Ambiri amati pa nthawi ya Cook analipo 300,000 kapena kuposa. Powerengedwa mu 1896 sanakwane 40,000. Nkhalamba iri yonse yodziwa nyimbo, pomwalira isanaphunzitse wina, inapita nazo kumanda.

Mu 1819, atamwalira Kamehameha, mfumu imene inagwirizanitsa zisumbu zonse, mafumu a Ahawaii eni ace anathetsa malamulo a kapu, nagwetsa akacisi a milungu yao. Caka cotsatira, 1820, anafika amishoni ocokera ku America. Anthu amenewa anacita nchito yaikulu: anakonza malembo a Cihawaii, natsegula masukulu, ndipo m'zaka zowerengeka anthu ambiri anadziwa kuwerenga. Koma hula anaida. Anaona anthu osabvala monga Azungu alikutamanda milungu yakale, ndipo anaweruza guleyo ndi maso, asanazame m'mau ace. Mfumukazi Ka'ahumanu, imene inali italowa Cikristu, inaletsa kubvina hula poyera mu 1830. Itamwalira mu 1832 lamulolo linafooka, koma m'zaka za m'ma 1850 boma linalamulanso kuti wofuna kubvinitsa hula poyera agule ciphaso ndi ndalama. Motero hula inathawira kumidzi ya kutali, kumene agogo anapitiriza kuphunzitsa adzukulu ao mosaonetsera. Cozizwitsa ncakuti malembo omwe anadza ndi amishoni anapulumutsa nyimbo zambiri, pakuti kuyambira mu 1834 panatuluka manyuzipepala a Cihawaii, ndipo m'kupita kwa zaka Ahawaii analembamo mele ndi nthano za makolo ao. Ngakhale buku lochuka lofotokoza hula yakale, lotuluka mu 1909, analilemba ndi Nathaniel Emerson, mwana wa mmishoni.

Amene anabwezera hula pabwalo ndi mfumu Kalakaua, imene inalamulira kuyambira 1874 kufikira 1891. Pa mwambo wa kubvekedwa cisoti caufumu mu 1883, inaitana akatswiri a hula a m'zisumbu zonse kudzabvina pa bwalo la nyumba yace yacifumu ku Honolulu, ndipo inateronso mu 1886 pokwanitsa zaka 50. Azungu ambiri a m'mzindamo anaipidwa, kotero kuti munthu amene anasindikiza maina a nyimbo za pa mwambo wa 1883 anaimbidwa mlandu wa kusindikiza zonyansa. Mfumu sinabwerere m'mbuyo. Inadziwa kuti mtundu wace ulikucepa, ndi kuti nyimbo zija ndizo umboni wakuti dzikolo liri ndi eni ace. M'masiku omwewo munabadwa hula yatsopano yoimbidwa ndi gitala ndi ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo 4, kamene ciyambi cace ndi Apwitikizi a ku Madeira amene anafika mu 1879.

Ufumuwo sunakhalitse. Mu 1893 Azungu eni malonda ndi minda ya nzimbe, mothandizidwa ndi asilikali a America, anacotsa pampando mlongo wace wa Kalakaua, mfumukazi Lili'uokalani, ndipo mu 1898 America inatenga zisumbuzo. Lamulo la 1896 linati masukulu aziphunzitsa m'Cingelezi, ndipo ana ambiri analangidwa cifukwa ca kulankhula Cihawaii pa sukulu. Ici cinapweteka hula koposa ciletso ca 1830, pakuti ciletso cinangoipitikitsa pabwalo, koma tsopano ana sanamvenso mau amene manja anali kufotokoza.

Hula sinaleke kuoneka ai. Inacuruka, koma mwa mtundu wina. Alendo odzaona dziko anayamba kufika ku gombe la Waikiki, ndipo a mahotela ndi a kanema anafuna gule wofewa, wa anamwali omwetulira, wa nyimbo za Cingelezi. Kampani ya Kodak inayambitsa cionetsero ca hula mu 1937 kuti alendo ajambule zithunzi, ndipo cionetseroco cinapitirira kufikira 2002. Maiko onse anadziwa hula ya pazithunzizo, nayesa kuti ndiyo yokhayo. Ngakhale siketi ya udzu wouma yooneka pa zithunzi zambiri si cobvala ca makolo a Ahawaii. Iwo anali kubvala nyanda yosula ndi makungwa a mitengo, yochedwa kapa. Koma obvina a kumahotela sayenera kunyozedwa, pakuti ambiri anadyetsa mabanja ao ndi nchitoyo, ndipo ena a iwo anali kusunga hula yakale kunyumba.

Anaisunga makamaka amai owerengeka. Mary Kawena Pukui, wobadwa mu 1895, analeredwa ndi agogo ace, naphunzira kwa iwo cinenero ndi nyimbo. Anayendera nkhalamba zaka zambiri ndi kulemba zonena zao, ndipo mu 1957 iye ndi Samuel Elbert anaturutsa buku lalikulu lomasulira mau a Cihawaii. Iolani Luahine anachuka ndi kubvina hula yakale pamene ambiri anali ataileka. Edith Kanaka'ole anaphunzitsa nyimbo za Pele ku Hilo, ndipo mu 2023 nkhope yace inaikidwa pa ndalama yacitsulo ya America.

Mu mzinda womwewo wa Hilo munayamba mu 1964 cikondwerero cochedwa Merrie Monarch, dzina limene Azungu anapatsa Kalakaua cifukwa ca kukonda kwace nyimbo ndi madyerero. Mu 1971 cinasanduka mpikisano wa hula, ndipo amuna analowamo mu 1976. Cimacitika m'sabata la pambuyo pa Paska. Usiku wina magulu amabvina hula kahiko, ndiyo yakale, ya ng'oma ndi zipanda. Usiku wotsatira amabvina hula auana, yatsopano, ya magitala. Oweruza samayang'ana mapazi okha, koma amamvetseranso ngati mau achulidwa bwino, ndi ngati manja agwirizana ndi tanthauzo lace. Cifukwa ca ici acinyamata ambiri anabwerera kwa agogo ao kukafunsa cinenero. Mu 1978 Cihawaii cinalandiridwa kukhala cinenero ca boma pamodzi ndi Cingelezi. Pamenepo nkuti ana ocilankhula atatsala ocepa ndithu, cifukwa cace makolo ndi aphunzitsi anatsegula mu 1984 sukulu ya ana ang'ono yochedwa Punana Leo, kumene kulankhulidwa Cihawaii cokha. Lero mwana angathe kuphunzira m'Cihawaii kuyambira kalasi loyamba kufikira ku yunivesite.

Hula imadaliranso nkhalango, pakuti wobvina amabvala nkhata za masamba ndi maluwa ogwirizana ndi nyimbo yace. Mu 1997 aphungu ena anafuna lamulo limene likadabvutitsa Ahawaii pokachola zomera pa malo a eni. Aphunzitsi a hula ndi ophunzira ao anasonkhana pa nyumba ya malamulo ku Honolulu, naomba ng'oma usana ndi usiku, ndipo lamulolo linalephera. Pambuyo pace kunabuka bvuto lina. Nthenda yacilendo inayamba kuumitsa mitengo ya ohia, ndipo inayambira ku Puna, dziko lija la Hopoe. Boma linaletsa kucotsa mitengoyo kapena maluwa ace pa cisumbu cacikulu popanda cilolezo. Pa cikondwerero ca 2016 aphunzitsi ambiri anasankha kusachola lehua konse, kuopa kufalitsa nthendayo, ndipo ophunzira ao anabvina atabvala masamba ndi maluwa a mitundu ina.