Zoyenera kudziwa musanamange mpanda wa nyumba yanu m'tauni

Aliyense amene wayendapo ku Area 25 ndi Area 49 mu mzinda wa Lilongwe, kapena ku Machinjiri ndi ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre, waona kuti mipanda ya udzu ndi bango ikutha, ndipo m'malo mwake mukuima makoma a njerwa ndi mageti achitsulo. Zifukwa zake n'zomveka: kuopa akuba, kuteteza ana kumsewu, kutchinga mbuzi ndi nkhuku za eni, ndiponso kusunga ulemu wa pakhomo. Komabe dzinja lililonse timamva za mipanda imene yagwera anthu, ndipo mabanja ena amene ankapatsana moto ndi mchere lero sapatsana moni chifukwa cha khoma. Taganiza zofotokozera awerengi athu mmene ntchito imeneyi iyenera kuyendera.

Choyamba ndi malire. Poloti yopimidwa imakhala ndi mabikoni m'ngodya zake, ndipo miyeso yake imalembedwa pa mapepala amene mwini malo adalandira ku Unduna wa za Malo, ku khonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation. Ngati bikoni idazulidwa kapena idakwiririka, si bwino kuyerekeza ndi maso kapena kudalira mtengo wa mango umene wogulitsa malo adaloza. Itanani katswiri wopima malo wovomerezeka, ndipo tsiku limenelo oyandikana nawo akhalepo kuti adzionere okha. Tikumbukirenso kuti maziko amatambalala kuposa khoma, choncho nawonso ayenera kukhala m'kati mwa malo anu. Ngati mabanja awiri agwirizana zomanga khoma limodzi pamalire penipeni, alembe pangano lonena amene adzalipire ndi amene adzakonze likawonongeka, popeza nyumba zimagulitsidwa ndipo wobwera pambuyo sadziwa zimene mudagwirizana pakamwa.

Chachiwiri ndi chilolezo. Lamulo la mapulani a malo, Physical Planning Act, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2016, limafuna kuti womanga m'madera a mapulani ayambe walandira chilolezo. Kutsogolo kwa poloti kumakhala malo osiyidwira msewu, mmene mumadutsa ngalande, mapaipi a madzi ndi mapolo a ESCOM. Womanga pamenepo adziwe kuti tsiku lokuza msewu khoma lake likhoza kugwetsedwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ulendo umodzi wa ku khonsolo ndi wotsika mtengo kuposa kumanga kawiri.

Tsopano tifike pa funso lalikulu: chifukwa chiyani mipanda imagwa pamene nyumba zoyandikana nayo zimatsala chiimire? Makoma a nyumba amagwirana m'ngodya, amachirikizidwa ndi makoma a zipinda, ndipo denga limawateteza ku mvula. Mpanda umaima wokhawokha, wautali ndi wopyapyala, mphepo ikuukankha pamwamba, madzi akufewetsa dothi pansi. Mphamvu yake yonse ili m'maziko ndi m'zipilala.

Pokumba maziko, dothi lakuda lapamwamba lichotsedwe mpaka mufike pa nthaka yolimba, ndipo pansi pake pathiridwe konkire yotambalala kuwirikiza kawiri kapena katatu kunenepa kwa khoma. Dothi la makande, lopezeka m'madambo, limafufuma likanyowa ndi kung'ambika likauma, motero limafuna maziko akuya okhala ndi zitsulo. Pamenepo ndi bwino kufunsa injiniya. Zipilala ziikidwe pa mtunda wosapitirira mamita 3, ndiponso m'ngodya ndi mbali zonse za geti, pamene kutsegula ndi kutseka kumagwedeza khoma tsiku ndi tsiku. Amisiri odziwa ntchito amayalanso waya wolimbitsa khoma pakatha mizere 3 kapena 4 ya njerwa. Khoma la njerwa imodzi yoyala m'litali, lomangidwa ndi matope, lisakwezedwe mpaka mamita 2. Limeneli ndilo limagwera ana amene akusewera kapena kubisala mvula m'mbali mwake.

Mdani wamkulu wa mpanda ndi madzi. Pamalo otsetsereka khoma limasanduka damu: madzi amadzaza kumtunda, dothi limalemera, kenaka zonse zimakankhira kumunsi kumene kuli nyumba ya mnzanu. Namondwe wa Freddy, amene adasakaza Blantyre ndi maboma ena a kummwera mu Marichi 2023, adationetsa mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Choncho siyani mabowo m'munsi mwa khoma, ndipo kumbani ngalande yolondolera madzi ku ngalande ya msewu, osati pabwalo la mnansi wanu.

Pa za zipangizo, ambiri adazolowera njerwa zootcha, koma kuotcha njerwa kwatha mitengo yambiri m'dziko muno. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Mabuloko a simenti amafulumiza ntchito ndipo ndi osavuta kuwerengera. Titenge poloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali: kuzungulira kwake ndi mamita 90. Khoma lotalika mamita 2 likhala ndi masikweya mita 180, ndipo popeza mabuloko a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 25 pa masikweya mita awiri alionse, pafunika mabuloko pafupifupi 2,250, osawerengera a m'maziko ndi osweka. Posakaniza matope omangira, muyeso umodzi wa simenti upite ndi miyeso ya mchenga yosapitirira 6. Thumba la makilogalamu 50 likatambasulidwa mopitirira apo, ndalama zimene mwapulumutsa lero mudzazilipira dzinja.

Nthawi yabwino yomanga ndi ya chilimwe, mvula ya Novembala isanayambe. Konkire ndi khoma zithiriridwe madzi kwa masiku osachepera 7, pakuti simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa, ndipo imafika pa mphamvu yoyenera pakatha masiku 28. Mmisiri mugwirizane naye polemba, ndi kumulipira gawo ndi gawo: maziko akatha, khoma likafika pakati, geti likaikidwa. Iyenso ndi munthu wa banja. Akatsiriza bwino, malipiro ake asachedwe.

Amene ndalama sizikuwakwanira asachite manyazi kuyamba ndi waya wa sefa pa mapolo achitsulo, kapena mpanda wa mitengo yobzala, ngakhale kuti nkhadze ifuna kusamala chifukwa utomoni wake umapweteka maso. Mpanda wotere ndi wabwino kuposa khoma lalitali lopanda maziko. Ndipo amene amanga khoma asaiwale kuti khoma losaonetsa kanthu limabisanso wakuba amene walowa kale. Usiku mukakuwa, amene adzathamangire kwanu ndi mnansi yemwe uja mudamuitana tsiku lopima malire.