Lee Elder: Wonyamula Chikwama Amene Anadzagwira Ndodo

Amene timayenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Makwasa tinazolowera kuona tiyi mbali zonse ziwiri, amayi ndi abambo akuthyola masamba madengu ali kumsana. Chimene ambiri sitichilabadira n'chakuti m'dera lomweli muli bwalo la gofu la Thyolo Sports Club, kalabu imene m'nthawi ya atsamunda inali malo opumulirako azungu oyang'anira maesiteti. Pabwalo la gofu pamayenda anthu awiriawiri: wina womenya mpira, wina wotsatira pambuyo atasenza chikwama cha ndodo. Wachiwiriyu amatchedwa caddie. Nkhani ino ndi ya caddie wina wa ku America, Lee Elder, amene anachoka kumbuyoko n'kukaima kutsogolo.

Tisanafike kwa iye, tidziwe kaye masewerowa. Wosewera amamenya kampira kakang'ono ndi ndodo mpaka kakagwere m'dzenje limene lili patali. Bwalo lathunthu, monga la Lilongwe Golf Club, limakhala ndi maenje 18. Mabwalo ang'onoang'ono amakhala ndi maenje 9 ndipo osewera amazungulira kawiri. Mosiyana ndi mpira wamiyendo, kuno wopambana ndi amene ali ndi chiwerengero chochepa, kutanthauza amene wamenya kochepa kuti amalize maenje onse. Dzenje lililonse lili ndi muyezo wake wotchedwa par, umene umasonyeza kuti katswiri ayenera kumenya kangati. Malamulo amalola ndodo zosapitirira 14 m'chikwama, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake: ina yoponyera patali, ina yotulutsira mpira mumchenga, ina yokankhira mpira m'dzenje.

Apa m'pamene caddie amafunikira. Sikuti amangosenza katundu ayi. Amayeza mtunda ndi maso, amadziwa kumene mphepo ikulowera, ndipo amauza bwana wake kuti malo awa ngotsetsereka, mpira ukhotera kumanzere. Caddie amene wayenda pabwalo zaka zingapo amalidziwa ngati munda wa amake. Chimene amasowa ndi ndodo zakezake, womuphunzitsa, ndi chilolezo chosewera.

Robert Lee Elder anabadwa pa 14 Julayi 1934 mumzinda wa Dallas, m'chigawo cha Texas, m'banja la ana khumi. Ali ndi zaka 9 bambo ake anafera ku nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo patangopita miyezi yochepa mayi akenso anamwalira. Mwana wamasiyeyu anayamba kupeza ya chakudya pamabwalo a gofu, kutola mipira ndi kunyamula zikwama. Sekondale sanaimalize. Ngakhale ankakhalira pabwalo, anafika zaka 16 asanasewerepo maenje onse 18.

Njira imene anadutsa poyamba siyosiririka. Ankasewera zobetcherana ndalama, ndipo kwa kanthawi anayenda ndi katswiri wa juga wotchedwa Titanic Thompson. Zinthu zinasintha atasewera ndi Joe Louis, mfumu ya nkhonya imene inkakonda gofu. Kumeneko anakumana ndi Ted Rhodes, mphunzitsi wa Louis, amenenso anali munthu wakuda wodziwa gofu kwambiri. Rhodes anamutenga mnyamatayo ngati wake n'kumuphunzitsa kwa zaka pafupifupi zitatu. Luso analinalo kale, koma Rhodes ndiye analiwongola.

Vuto linali lakuti kunalibe kokaonetsa lusolo. Bungwe la akatswiri a gofu ku America, la PGA, linali ndi lamulo lolembedwa loti membala ayenera kukhala mzungu, ndipo lamuloli linachotsedwa mu 1961. Anthu akuda anali ndi bungwe lawolawo, United Golfers Association, limene mphoto zake zinali zochepa kwambiri. Elder atatuluka usilikali mu 1961 analowa m'bungweli, ndipo panthawi ina anapambana mipikisano 18 mwa 22. Komabe ndalama yake inali yongokwanira mafuta a galimoto ndi malo ogona.

Tiyenera kumvetsa mmene katswiri wa gofu amapezera ndalama. Salandira malipiro a pamwezi ngati wosewera wa Bullets kapena Wanderers. Amadzilipirira yekha ulendo, chakudya, pogona ndi caddie. Mpikisano waukulu umatenga masiku anayi, koma akatha masiku awiri, amene atsalira kumbuyo amachotsedwa, ndipo m'mipikisano yambiri otere amabwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake Elder anadikira mpaka 1967 kuti apeze ndalama zokayesera mayeso olowera m'mipikisano ya PGA. Anakhoza, ndipo anayamba kusewera mu 1968 ali ndi zaka 33, msinkhu umene anzake ambiri anali atatola kale zikho. Chaka chomwecho anafanana mphamvu ndi Jack Nicklaus pampikisano wa American Golf Classic mumzinda wa Akron, ndipo anagonja pambuyo polimbana maenje asanu owonjezera, anthu akuonera pa wailesi yakanema. Kuyambira pamenepo dzina lake linadziwika.

Lamulo la tsankho linali litafufutidwa papepala, koma m'mitima linalipobe. Mu 1968 mumzinda wa Pensacola, ku Florida, Elder ndi anzake akuda anakanizidwa kulowa m'nyumba ya kalabu, mwakuti ankasinthira zovala pamalo oimikapo galimoto.

Mu 1971 anabwera ku Africa. Anapambana mpikisano wa Nigerian Open, ndipo Gary Player, katswiri wa ku South Africa, anamuitana kuti akasewere mpikisano wa South African PGA ku Johannesburg. Imeneyi inali nthawi imene tsankho linali pachimake, agogo athu ambiri akugwira ntchito m'migodi ya ku Joni komweko. Elder anavomera pokhapokha boma litalonjeza kuti iyeyo ngakhale oonerera sadzapatulidwa chifukwa cha khungu. Aka kanali koyamba kuti akuda ndi azungu apikisane pamodzi pampikisano wotere m'dzikolo.

Chitseko chimene chinatsala chinali cha Masters, mpikisano wotchuka umene umachitika chaka ndi chaka m'mwezi wa Epulo ku Augusta, m'chigawo cha Georgia. Kuyambira mu 1934 pamene unayamba, panalibe munthu wakuda amene anasewerapo. Chodabwitsa n'chakuti anthu akuda anali mbwee pabwalolo, popeza onyamula zikwama onse a kalabuyo anali akuda. Mu Epulo 1974 Elder anapambana mpikisano wa Monsanto Open pogonjetsa Peter Oosterhuis wa ku England, ku Pensacola komwe kuja anavalira panja. Kupambana kumeneku kunamupatsa ufulu wokasewera Masters ya 1975.

Chaka chodikiracho chinali chowawa. Analandira makalata omuopseza kuti amupha, mwakuti pa sabata ya mpikisano anachita lendi nyumba ziwiri, n'kumasinthasintha kogona kuti adani asadziwe kumene ali. Pa 10 Epulo 1975, ali ndi zaka 40, anamenya mpira wake woyamba ku Augusta. Tsiku loyamba anamaliza ndi 74, lachiwiri 78, pabwalo la par 72, ndipo anachotsedwa. Chikho sanachione, koma chitseko chinali chitatseguka. Anadzapambananso katatu m'mipikisano ya PGA, kamodzi mu 1976 ndi kawiri mu 1978, ndipo mu 1979 anakhala munthu wakuda woyamba kuimira America pa Ryder Cup. Pamene Tiger Woods ankapambana Masters mu 1997, Elder anali pomwepo kuonerera.

Mu 2020 kalabu ya Augusta inakhazikitsa thandizo la fizi m'dzina lake pa Paine College, koleji ya mumzinda womwewo imene inamangidwira anthu akuda. Mu Epulo 2021 anapatsidwa ulemu wotsegulira Masters pamodzi ndi Nicklaus ndi Player, ngakhale thupi linali litafooka moti sanathe kumenya mpira. Anamwalira pa 28 Novembala 2021 ali ndi zaka 87.

Tikabwerera ku Thyolo, lero palibe lamulo loletsa Mmalawi kusewera gofu. Chotchinga chasanduka ndalama: mtengo wa ndodo, wa umembala, wa ulendo wopita ku mpikisano. Mnyamata wa m'makomboni a paesiteti akhoza kulidziwa bwalo kuposa amene akumunyamulira chikwama, koma n'kukalamba osadziwika. Zaka zabwino kwambiri za Elder zinathera pa kudikira, ndipo zikanathera pomwepo pakanapanda Ted Rhodes, amene anaona luso mwa mwana wa eni n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife amene tikukonzekera kukagwira choko tidzakumana ndi ana otere m'kalasi iliyonse: okhala kumbuyo, osowa zipangizo, amene aphunzira zambiri pongoyang'ana. Ena mwa iwo akungodikira munthu woti awapatse ndodo m'manja n'kuwauza kuti, "Tamenya tione."